Mayeso Anayi a Ada Manda

Ukatsika minibasi pa Kande n'kutsata kanjira kolowera kumtunda, umayamba wamva nyundo usanaone nyumba. Pamenepo ndi pa Ada Lyson Manda, amene asula zikwanje kuyambira ali mnyamata. Chitsulo chawo ndi masipuling'i a magalimoto akufa. Alimi a chinangwa onse mpaka ku Tukombo amadziwa chikwanje cha Manda poona kamtanda kamene amadinda pafupi ndi mpini.

Ada Manda salankhula zambiri, ndipo malonda awo sawatama. Chikwanje chikatha amachiyesa kanayi wogula ali pomwepo. Choyamba amadula phesi la chinangwa, poti mbewu yodulidwa mophwanya imaola m'nthaka. Kenako nsungwi youma, kenako fupa la ng'ombe. Akatero amabwereranso ku chinangwa osanola, n'kuyendetsa chikhadabo kukamwa kwa chikwanjecho. Chikhadabo chikakodwa penapake, chikwanjecho sichichoka pakhomo.

Chaka chathachi zinthu zinayamba kupotoka. Diso lakumanzere linachita ng'ala, ndipo pa zikwanje khumi, zinayi zinkabenthuka pa fupa. Mwana wawo Oscar, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, ankaimba foni Lamlungu lililonse kuti madala asiye moto, apite akakhale naye. Iwo ankangoti amva. Koma tsiku lina, ataponya chikwanje china pamulu wa zolephera, anauza akazi awo a Selina kuti chotsatiracho chikalephera azimitsa makala, akwere minibasi ya ku Mzuzu.

“Mwanena nokha,” anatero a Selina. “Ine sindinakufunseni.”

Chotsatiracho chinali cha Dyson, wophika palodji ina ya m'mphepete mwa nyanja, koma kwawo kunali ku Dedza. Ankafuna chimpeni chachikulu, chachifupi koma cholemera, chodulira mitu ya kampango ndi mafupa a mbuzi. Cha m'sitolo chimene anali nacho chinali chitapindika kukamwa ngati khutu la galu.

Anabwera kudzatenga Lachinayi masana, atakwera njinga, thukuta lili kamukamu.

“Ada Manda, mwe uli? Chitonga changa chathera pomwepo, musandifunse zina.”

“Zaka zisanu kuno, mawu awiri,” anatero a Selina ali pakhonde kusenda chinangwa. “Nsomba zathu zokha ndiye mumazidziwa maina.”

“Amama, nsomba siziseka munthu akalakwitsa.”

Ada Manda sanaseke nawo. Anaika phesi la chinangwa pachitsa, khapu! Linaduka bwino, pamalo podukapo pali see. Nsungwi nayo inagawika kamodzi. Anatenga fupa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atamenya panamveka kaphokoso kouma, ndipo kachidutswa kachitsulo konga njere ya chimanga kanagwera pafumbi.

Mpeni wa a Selina unaima pachinangwa.

Madalawo anatola kachidutswako n'kukabweretsa pafupi ndi diso labwino. Mkati mwake munali timibulu tonga shuga. Chitsulo chikatero ndiye kuti chinapsa mopitirira asanachiviike mu oyilo. Koma iwo ankakumbukira bwino kuti anachivuula chitafiira ngati phwetekere wakupsa, mmene bambo awo anawaphunzitsira. Ndiye kuti maso ananama. Anapita kukakhala pampando wa m'chisakasa chosuliramo, manja ali pamaondo.

Dyson anasowa chochita, anawatsatira. Anayang'ana nyundo, mvukuto, kenako kudenga.

“Komatu muno n'mowala, ngati m'banki. Ine ndinkayesa osula amakhala mumdima.”

“Oscar ameneyo,” anayankha a Selina ali pakhomo. “Anachotsa udzu chaka chatha, n'kuika malata. Ilo lapakatilo ndi lapulasitiki, loonekera, akuti bambo ake aziona bwino.”

“Mwana wabwino. Kungoti kuwala nako n'kwabodza. Ife tikamaphikira alendo panja masana, moto wagasi suoneka n'komwe. Onani apa.” Anaonetsa chipsera padzanja. “Ndinkayesa ndazimitsa.”

Ada Manda anakweza mutu. Dzuwa linkadutsa palatalo n'kugwera ndendende pamakala. Anawerenga miyezi chamumtima. Ng'ala inayamba dzinja, malata anakhomedwa mu Juni, zikwanje zinayamba kubenthuka mu Julaye.

“Nyachirwa, masaka a fetereza aja ali kuti?” anafunsa akazi awo, powaitana ndi mfunda wawo.

“Mwati muzimitsa makala.”

“Ndizimitsa. Masakawo kaye.”

Dyson ndiye anakwera padenga, akudandaula kuti abwana ake akamuona aziti wayamba ntchito ina. Anayala masaka atatu n'kutsendereza ndi njerwa. M'chisakasa munada bii, makala n'kuyamba kuoneka mtundu wake. Madalawo anasalaza pobenthuka paja ndi tupa, nabwezera chimpenicho pamoto. A Selina anagwira mvukuto, ntchito imene anaisiya Oscar ali kumsana. Posakhalitsa, nthawi imene masiku onsewa akanati chitsulo sichinayambe n'komwe kupsa, chinali chitafiira kale. Anachivuula, nachimiza mu oyilo, utsi fuu. Chitazizira anachiwambanso pang'ono kuti chisaume mtima, nachinola pamwala osafulumira. Dyson anadya chinangwa chophika mbale yonse akudikira.

Chinangwa chinaduka. Nsungwi inagawika. Fupa analimenya katatu, lachitatulo n'kuthetheka pakati. Anabwerera ku phesi lachiwiri, ndipo linaduka ngati loyamba lija. Kenako anayendetsa chikhadabo kuchokera kumpini mpaka kunsonga, anabwereza, n'kupatsa a Selina kuti nawonso ayendetse, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni.

“Palibe,” anatero a Selina.

Dyson anakulunga chimpeni chake m'katoni, namanga pakaliyala, napita akuimba belu popanda womupatukira.

Diso lija silinachire, ndipo kuchipatala anawalembera tsiku loti akalipale. Madzulo sasulanso, amati mitundu imasokonekera. Pa zikwanje khumi, chimodzi chimapitabe pamulu.

Lamlungu lake Oscar anaimba monga mwa nthawi zonse. Ada Manda anapatsa foni akazi awo, iwo n'kumamvetsera ali chapatali.

“Sabwera,” anatero a Selina. “Ayi, ali bwino. Koma ukamabwera pa Khirisimasi utenge lata limodzi. Lawamba, losaonekera.” Anamvetsera pang'ono. “Ayi mwanawe, sunalakwe. Ungobweretsa latalo.”