Pulogalamu yaulere yandichititsa manyazi ku Vubwi

Mwaswera bwanji nonse? Ine lero mtima wandiwawa.

Mukudziwa kuti anthu amene ndimawakonzera makompyuta amalipiriratu maola, ine n'kumachotsera ndikawagwirira ntchito. Pofuna kuchepetsa mikangano, ndinaika pafoni pulogalamu yaulere yowerengera maolawo. Sabata yatha ndinakaiyesa koyamba ku Vubwi, kwa amayi Phiri ogulitsa mbewu ndi feteleza. Nditamaliza ntchito ndinadina poimitsa, koma netiweki inali itathawa. Sindinadziwe kuti chinthucho sichinaime.

Lero anandiitananso chifukwa pulinta yawo inakana. Nditafika, ndatsegula foni monyadira kuti adzionere okha maola awo otsala. Abale inu! Pulogalamu ikuti maola onse anatha, ati ndakhala ndikugwira ntchito mushopu mwawo usana ndi usiku kuyambira tsiku lija.

Amayiwo avula magalasi n'kundiyang'anitsitsa. "Ndiye mumagona pati, a Banda? Pamatumba a feteleza?"

Ogula aseka, koma eni ake sanaseke. Ndapepesa, pulinta ndakonza osawachotsera kanthu, komabe ponditsanzika anena kuti ayamba afunsako wokonza makompyuta wina wa ku Chipata. Amayi Phiri, kasitomala wanga wakale ameneyo!

Manje ndili m'minibasi kubwerera ku Katete. Pulogalamu imene imagwira popanda netiweki njolipira mwezi ndi mwezi, m'madola, moti ingadye phindu lonse la ku Vubwi.

Achimwene a ku Lusaka, inu mumazidziwa izi. Palibe ina yotchipa koma yodalirika? Ndiyankheni lero lomwe chonde, mawa ndikuyembekezeka ku Sinda.