Msomali wa m'khoma la pakati

Dandaulo loyamba ndinalemba Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi, lachiwiri patapita masabata atatu, lachitatu kumayambiriro kwa Julayi. Makope a kaboni onse atatu ndikuwasungabe. Nkhani yake inali msomali.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinali ndi golosale pa Mwanza boma. Nyumba inali imodzi, yogawidwa pakati ndi khoma la zidina: mbali ina ine, mbali ina bambo wina telala. Masiku amenewo sitolo iliyonse inkapachika chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo pamwamba pake sipankaloledwa kanthu, ngakhale wotchi. Atelalawo anakhoma msomali wautali wa chithunzicho pafupi ndi denga. Unatulukira mbali yanga, pulasitala n'kung'ambika. Lole ikamadutsa kupita ku malire, dothi linkayoyokera mu thumba langa la mchere.

Ndinakwiya, ndipo chifukwa chinalipo. Koma khomo lawo linali pafupi ndi langa, ine osapita kukalankhula nawo. Ndinasankha kulembera komiti yoyang'anira masitolo.

Atamva za kalata yachitatu, atelalawo anabwera okha m'mawa, tepi ili m'khosi.

"Aneba, mpaka kalata yotayipa? Pakamwa panu patupa?" anatero akuseka. "Ndizula lero lomwe. Waung'ono ndikaupeza mawa."

Anazuladi. Chithunzi anachiika pansi kuseri kwa makina, nkhope itayang'ana kukhoma kuti chisade ndi fumbi.

Masana ake komiti inafika kudzaona mng'alu wanga, ili ndi amuna awiri a chipani. Kuti aone kumene msomali unachokera analowa kwa atelala, n'kupeza khoma lopanda kanthu.

"Watsitsa ndani?" anafunsa wamkulu wa chipani.

"Ndine, bwana. Msomali umaononga kwa anzangawa. Afunseni, tagwirizana lero m'mawa."

Onse anatembenukira kwa ine. Makalata anali m'thumba la jekete, ndinkawamva pachifuwa.

"Ine ndinadandaula za pulasitala," ndinatero. "Za chithunzi sindinalembepo."

Sindinaname, ndipo ndakhala ndikudziuza zimenezo zaka zonsezi. Koma ndinadziwa chimene ankandifunsa.

A chipani anawatenga atelalawo tsiku lomwelo. Anatuluka m'ndende mvula itayamba, ataonda, anagulitsa makina, ndipo anthu ankati anaolokera ku Zobue kwa akuchikazi. Atabwera kudzatenga mabenchi anandipatsa moni ngati kale. Ndinayankha maso ali pasikelo.

Komiti inandiyankha pa pepala la chidindo, mizere iwiri, kuti vuto la msomali latha. Mng'alu ndinaumata ndekha ndi dothi la kuseri kwa sitolo. Ola silinakwane.

Tsopano ndikupempha mwaulemu kwa mwana kapena mdzukulu wa bambo amenewa, ngati alipo amene awerenge izi, kuti andidziwitse ngati bambowo ali moyo, ndipo ngati anatisiya, kumene anagona. Ndikupemphanso chilolezo chofika pakhomo panu kuti ndidzanene pamaso pa banja zimene ndinabisa tsiku lija. Ngakhale mutakana, chonde nkhaniyi iyankhidwe, ndipo yankho likhale lolembedwa.