Masamba Atatu Amene Bambo Anasuta

Achimwene anga anali munthu wamkulu, wandevu zake, wonyamula zitsulo pa fakitale ina ku Alrode, koma pansi pa sutikesi yawo ankasungapo kabuku ka ana. Kanali ka zithunzi, kamene kuno amati komiki, kokulungidwa m'pulasitiki ya shuga. Bambo anakatola kudzala la mzungu pa famu imene tinabadwira ku Zimbabwe. Asanatipatse anayamba athotholamo masamba atatu omalizira n'kupichira fodya. Sanaonepo cholakwa, kwa iwo pepala linali pepala basi.

Nkhani yake inali ya ngwazi ina yovala chigoba chobiriwira, yamphamvu zoposa za munthu. Damu lang'aluka, kumunsi kuli mudzi, iye watsamiritsa msana pakhoma kuti anthu athawe. Patsamba lomaliza limene tinali nalo, madzi anali atamufika m'khosi. Achimwene anaphunzirira Chingerezi pa kabukuka, ndipo anakula ndi funso limodzi, loti kodi munthuyo anapulumuka. Ine ndinkawaseka kuti bambo wa ana awiri angamadandaule bwanji za munthu wochita kujambula, chikhalirecho malaya awo alibe mabatani.

Chaka chimene anayamba kutsokomola, ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Bedfordview. Bwana wanga anali ndi kabati yagalasi yodzaza timabuku totere, ndipo anandiletsa kuyandikirako ndi kansalu konyowa. Tsiku lina anasiya kamodzi kotsegula patebulo. Ndikudutsa ndi mopu ndinangoona damu lija, ndi msana uja uli pakhoma. Kanali kabuku komwe kaja.

Nditakawauza achimwene m'kachipinda kawo ka kuseri kwa nyumba ya eni ku Tembisa, anadzuka pabedi n'kukhala tsonga, zimene anali asanachite kwa masiku. Anati ndikaone mathero ake ndidzawauze. Ndinavomera, koma ndinatha masabata osapempha. Ife tinaleredwa kuti bwana sumupempha zinthu zake, umadikira akupatse yekha. Ndinkangozungulira kabatiyo ngati nkhuku yofuna poikira. Mpaka lero ndimadzikwiyira nazo.

Ndili mkati mozengereza, achimwene anagonekedwa m'chipatala. Dokotala anatitengera pambali ine ndi alamu anga, akazi awo, n'kutiuza kuti mapapo atha, tisayembekezere zambiri. Tinagwirizana pomwepo kuti eni akewo asamve. Kwathu wodwala sauzidwa za imfa, ngakhale ya munthu wina. Maliro akagwa timamubisira, akafunsa timati onse ali bwino, nanunso mupeza bwino.

M'mawa mwake ndinalimba mtima n'kupempha. Bwana anasangalala ngati mwana, zimene zinandipweteka, poti bwenzi nditapempha kalekale. Anavala magolovesi oyera n'kumanditsegulira yekha. Anthu a m'mudzi anakwera phiri onse. Khoma linagwa. Patsamba lomaliza panalibe mawu, panali madzi okhaokha ndi chigoba chikuyandama. Bwana anafotokoza kuti kabukuka kanatchuka chifukwa olemba ake anailola ngwaziyo kufa, ndipo sanaidzutsenso. Ndinalira. Iye ankaona ngati zojambulazo zandigwira mtima, anandipatsa tishu akumwetulira.

M'takisi yopita ku Kempton Park, pa ulendo wa kuchipatala, ndinapanga mathero anga. Pofika ku Tembisa anali atapsa.

Ndinawapeza achimwene masana, atatsamira mapilo, paipi ili m'mphuno. Ndinawauza kuti khoma linagwadi, koma munthuyo anasambira pansi pa madzi n'kukatulukira kutsidya. Anthu anamunyamula pamapewa. Mayi wina anamutcha mwana wake dzina lake. Kenako anakamanga damu lina. Bodza likayamba kukoma pakamwa sudziwa polekera, ndipo ine ndinapitiriza mpaka ndinamukwatitsa.

Anamvetsera atatsinzina. Nditamaliza anatsegula maso.

"Zonsezo m'masamba atatu?"

Ndinati zithunzi zake zinali zing'onozing'ono.

"Eish, chemwali," anatero motsitsa. "Wandiuza ngati mmene timauzira wodwala."

Anayang'ana kudenga. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti sakuganizanso za kabuku. Munthu ameneyu anali atabisirapo anzake maliro, ankadziwa bwino kuti amene timamubisira amakhala wotani. Anandifunsa kuti dokotala wanena chiyani. Ndinayankha kuti mupeza bwino. Anangogwedeza mutu.

"Chabwino. Tsono undiuze choona chimodzi chokha. Anthu a m'mudzi aja?"

"Anakwera phiri onse, achimwene. Palibe anatsala."

"Ndi ana omwe?"

"Ndi ana omwe."

Anapumira m'mwamba. Kenako anati ndikawaitanire alamu, ndipo Lamlungu tibwere ndi ana, osaiwala kuwasambitsa bwinobwino. Ananena zimenezi ngati akutuma munthu kukagula buledi pa spaza, kagolosale ka pafupi.

Ndinatuluka kukawaitana alamu, omwe anali pabenchi panja ndi fulasiki ya phala. Atangondiona anaimirira n'kufunsa ngati ndawauza amuna awo zimene ananena dokotala. Ndinati ayi, ndipo sindinaname. Sindinawauze kanthu. Ndinapita kukawatonthoza ndi nkhani yokoma, n'kukhala ineyo woyamba kuwadziwitsa kuti akufa.

Ana anabwera Lamlungu lija atasamba, atadzola, atavala za kutchalitchi. Bambo awo anawayang'ana nthawi yaitali, mmodzimmodzi. Sanafike Lamlungu linalo.