Ndowa zathu ndi tsamba la mayi a Tadala

Lachinayi lapitali Tadala anandiimbira foni kuchokera ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis. Mtsikanayu anakulira kunja kuno, kutali ndi kumudzi. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anayesetsa kuyankhula chathu. "Anti," anatero, "tsamba la amami lasiya kununkhira."

Mayi ake, a Nachisale, tinawatumiza kumudzi m'bokosi chaka chatha. Ankasamalira okalamba ku South Bend, ndipo mzungu wina wodwala anawagamulira chitsamba chotchedwa alecost. Masamba ake ndi ataliatali, obiriwira motuwa, fungo ngati chanzi cha kwathu. A Nachisale ankathothola limodzi n'kuponya mu tiyi, ena m'madzi osamba mwana akagwidwa chimfine, ena m'sutikesi ya zitenje. Lina ankaliika m'Baibulo, ulaliki ukatalika n'kumalinunkhiza kuti tulo ta ntchito ya usiku tisawachititse manyazi. Limeneli ndi limene Tadala anatsala nalo.

Chomerachi sichidalira njere. Umachita kukumba, kugamula muzu, n'kupatsa mnzako pamanja. Malemuwo anatigawira tonse amayi a kumapemphero, uku akutilangiza kuti, "Mukabzale pansi, anzanga. Sinowo akabwera chimaoneka ngati chafa, koma kukafunda chimaphukanso."

Ife ndiye kumva? Tonse tinabzala m'ndowa. Munthu ungakumbe bwanji pakhomo pa eni, chikhalirecho chaka chamawa ukubwerera kwanu?

Loweruka ndinamutenga Tadala, ulendo ku South Bend kukafuna muzu wa chitsamba chija, khasu laling'ono ndi katoni zili kumbuyo kwa galimoto. Titafika panyumba imene mayi ake ankachita lendi, tinapeza zinthu zitasintha. Pamene panali chitsamba chija anathirapo konkire, pamaima magalimoto. Bambo amene akukhalamo tsopano anatipepesa bwinobwino, koma sankadziwa chimene tikunena.

Tinayamba kugogoda m'makomo mwa anzathu. A Nankhoma anatitengera kuseri, n'kutilozera ndowa ya dothi louma gwa. "Pepa mwanawe, chinafa ndi chisanu kalekale," anatero. "Ndinkati ndidzachibzala pansi tikagula nyumba, koma nanga amuna angawa akuti tiyambe tamaliza kumanga ya kwathu ku Area 25." Kwina tinapeza ndowayo akuikamo nsapato. Changanso chinafera m'ndowa chimodzimodzi. Muzu wa m'ndowa chisanu chimaulowa mbali zonse, ulibe pothawira.

Abale anga, tikudzinamiza mpaka liti?

Tinabwera tili anyamata ndi atsikana, lero imvi mbuu, koma tikadali "alendo." Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame ake ati amene afika pokhala ndi zidzukulu? Kumudzi tikumanga nyumba zogonamo abuluzi, kuno ngakhale kamtengo kamodzi kukana kubzala. Zithunzi zili m'makatoni, makoma ali mbee. Chilichonse chathu chili ndi chogwirira, chokonzeka kunyamulidwa.

Musandimve molakwa. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo inenso ndikamwalira ndikufuna ndikagone pafupi ndi mayi anga. Tikasonkherana kutumiza maliro timachita bwino. Koma ndege ija ikanyamuka, timaiwala kuti pabwalo patsala mwana amene kwawo ndi kuno. Manda a mayi ake ali kutsidya la nyanja zikuluzikulu, kumudzi kumene iye sangafike popanda womulondolera njira. Tsiku limene chisoni chamukwera, apite kuti? Akagwade pati?

Tadala sankafuna zambiri. Ankafuna kachitsamba pakhomo pake koti azikathirira. Ndinamuuza kuti mwina tingakapeze kwa ogulitsa maluwa. Anapukusa mutu. Pamenepa Chichewa chinamuthera, anandiyankha m'Chingerezi kuti chogulacho sichikhala chimene manja a mayi ake anakhudza. Kunena zoona ndinalira.

Tinanyamuka kubwerera ku Indianapolis. Katoni ija inkangogubuduka kumbuyo, yopanda kanthu. Tili pafupi kufika anatsegula chikwama, n'kutulutsa tsamba louma lija, n'kulifikisa pamphuno. Analinunkhiza nthawi yaitali, kenako n'kulibwezera mosamala kuti lisathetheke.

A Nachisale anatipatsa muzu wamoyo amayi mpingo wathunthu, ndipo sipanapezeke ndi mmodzi yemwe woti aubweze kwa mwana wawo.

Nanga inu, m'bale wanga, mwana wanu akadzabwera ndi khasu pakhomo pamene mukukhalapo, adzakumbapo chiyani?