Bowa amene apongozi anandimana

Wina azinena kuti ndakometsa, koma izi zinandichitikiradi, nthawi ija asilikali a Apwitikizi ankakusira anthu m'midzi yotchingidwa ndi waya. Ine ndine wa ku Cuamba, ku Ngauma ndinangokwatiwako, ndipo apongozi anga aakazi, amene maso anali atachita khungu, sankandisekerera mwawamba.

Tinathawira m'thengo atatu, ine, iwo ndi kamwana kanga kongosiya kuyamwa, tikulunjika ku Malawi. Ufa utatha, mwana analeka ngakhale kulira, ndiye ndinazula tibowa tating'ono todera ngati masamba ouma n'kubwera nato pansalu. Apongozi anatipapasa, kutinunkhiza, n'kundiuza ndibenthule kamodzi ndione ngati kakutuluka mkaka. Mkaka unatulukadi. Anati kangakhale kamsuku, kodyedwa, koma kali ndi mnzake wakupha, ndipo anafunsa ngati ndinazula pansi pa msuku. Kodi munthu wanjala amayang'ana kumwamba? Mtengowo sindinauone.

Ndinaphika m'kachitini, koma bowayo atapsa apongozi anandilanda n'kudya theka okha, mwana akuwayang'ana kukamwa, chotsalacho n'kuchifungatira. Mtima unandiwawa zedi, ndinati mayi awa ndi mfiti. Ndipamene anandiuza motsitsa kuti tidikire dzuwa lipendeke, ndipo akayamba kusanza ndisachedwe nawo, ndibereke mwana ndizitsata kolowera dzuwa.

Anatsamira mtengo n'kungoti zii. Ndinawaitana, osayankha, ndinawagwedeza, mutu unangoti lende. Kumunsi kunkamveka galimoto za asilikali, moti ngakhale kulira maliro sindikanatha, ndinangoluma nsalu nditagwira dzanja lawo lozizira, ndikuwatchula amayi, dzina limene ndinali ndisanawaitanepo. Kuthawa ndinalephera.

Dzuwa litapendeka anatsegula maso. Kunali kukomoka ndi njala chabe! Anandikalipira kuti ndikanali pano bwanji, kenaka anati ndimwetse mwana msuzi, inenso ndidye, popeza woyamwitsa dzulo ndi mwananso.

Pambuyo pake ndinamva kuti pali bowa wina amene amayamba kupha patapita masiku, ndiye ndimakhulupirira kuti Mulungu anangotichitira chifundo. Inu anzanga, bowa amene simukumudziwa bwino musiyeni, mimba si choyesera. Komanso musafulumire kuweruza wokumanani chakudya: ine amene anandimana ndi amene ndinawasambitsa mpaka tsiku lawo lomaliza, ndikuwaitana amayi.