Ndinabisa Mawu a Alongo Anga za Mfuti

Inu owerenga, ndakalamba tsopano, ndipo ndikuulula chimene ndinabisira amuna anga mpaka imfa yawo. Diso lawo lakumanzere linafa chifukwa cha ine, ngakhale mfutiyo sindinaigwire konse.

Zinachitika m'masiku a chipani chimodzi, tikukhala ku Woodlands. Amuna anga ankagwira ntchito ya boma ku Longacres, ndipo anali ndi mfuti ya chifefe imene anawasiyira malemu atate awo. Loweruka ankapita kukasaka nkhanga kutchire la kuseri kwa Chelstone. Tsiku lina anaona mfuti ya mnzawo wa ku Kabulonga, yokhala ndi timachubu tolowetsa kukamwa kwa mpope, timene munthu amasintha kuti tizipolopolo tituluke mothinana kapena momwazika. Anaisirira pomwepo. Anati apita nayo yawo kwa katswiri wa mfuti m'tauni kuti akaiseme mazinga, timizere topoterapo timachubuto.

Apa mpamene ndinalakwa koyamba. Alongo anga aakulu anali ndi makina osemera zitsulo ku Kabwata, koma abale a amuna anga ankawayesa munthu wamba wokonza mawilibala. Ndinafuna aone luso la kwathu. Ndinachonderera kwa mlungu wonse, mpaka amuna anga anapereka mfutiyo kwa alamu awo.

Lachinayi masana, amuna anga ali kuntchito, alongo anga anafika nayo pamodzi ndi timachubu take, ataikulunga m'chitenje. Anakana mpando, anakananso madzi.

"Mlongo," anatero, "mpope uyu ni wakale maningi. Pamene nasema mazinga, chitsulo chasala monga pepala. Muwauze ba mulamu asaombele. Ine pamaso pawo siningakambe."

Kwathu mlamu sayang'ana mlamu wake m'maso n'kumuuza kuti wawononga chinthu cha malemu. Mawu otero amadzera mwa mkazi, ndipo mkaziyo ndinali ine. Ndinavomera kuti ndiwauza.

Madzulo amuna anga analowetsa kachubu, n'kukatulutsa, n'kulowetsa kena, akusekerera ngati mwana. Anati alamu awo ndi mmisiri weniweni, ndipo akawatamanda pamaso pa abale onse. Mumtima ndinati ndiwauza mawa. Lachisanu ndinaphika ndiwo zopanda mchere, ndipo nthawi iliyonse imene ndinadutsa pafupi ndi kabati yosungiramo mfutiyo, ndinkayang'ana kumbali. Ndinkadzinamiza kuti mwina alongo anga angokokomeza.

Loweruka m'mawa ndinawatsegulira geti ndekha. Anatsitsa galasi la galimoto n'kundifunsa ngati ndikudwala. Inu owerenga, mawu anafika pammero penipeni. Ndinayankha kuti ndi mutu chabe.

Dzuwa lisanafike pamutu, galimoto yathu inabwera ikuyendetsedwa ndi mnzawo wa ku Kabulonga uja, malaya ake ali magazi okhaokha. Anati mpope unang'ambika atangoombera kachiwiri, ndipo kachitsulo kanalasa amuna anga m'diso. Njira yonse ya kuchipatala ndinkapemphera mokweza kuti ndiwapeze akupuma.

Anapulumuka, koma diso analichotsa. Kenaka kunabwera apolisi awiri ndi mpope wong'ambikawo. Masiku amenewo nkhani ya mfuti sinali yamasewera, ndipo munthu ankatha kutengedwa osadziwika tsiku lobwerera. Anafunsa amene anasema mfutiyo. Ine ndinali nditaima m'mbali mwa bedi. Amuna anga anati anapereka kwa mmisiri woyendayenda amene dzina lake analiiwala. Apolisi anawalanda chilolezo cha mfuti, koma amuna anga sanawatchule alongo anga.

Apolisi atachoka, anandigwira dzanja nati, "Alamu sakanadziwa, mayi. Musawaimbe mlandu."

Alongo anga sanapondenso pakhomo pathu. Ankaganiza kuti ndinapereka uthenga ndipo alamu awo ananyozera. Nawonso sindinawauze zoona.

Choncho ndikukupemphani: mfuti musaipereke kwa munthu chifukwa ndi mbale wanu, ndipo mukatumidwa ndi mawu ochenjeza, aperekeni tsiku lomwelo ngakhale achititse manyazi mtundu wanu wonse. Ine ndinayenda kumanzere kwa amuna anga moyo wawo wonse, kuwauza za galimoto ndi maenje amene sankawaona. Azimayi a kutchalitchi ankandiyamikira kuti ndine mkazi wachikondi, ndipo kuyamikira kulikonse kunkandibaya.