Anachipande ndi Nkhuku Zopanda Mlonda

Dzina loti Anachipande sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi anthu amene kwa zaka makumi atatu anaima pamzere ndi mbale m'manja, m'maukwati, m'maphwando a kuofesi ndi m'misonkhano ya mpingo, kudikira kuti mayiwa awagawire chakudya. Ntchito yawo inali yophikira chigulu. Anali ndi mapoto akuluakulu asanu ndi awiri, mbaula zitatu, ndi diso lotha kuyang'ana mzere wa anthu mazana atatu n'kudziwiratu kuti nkhuku ikathera pa munthu uti. Lamulo lawo linali limodzi basi: munthu mmodzi, nthuli imodzi. Kaya ndiwe m'busa, kaya bambo ake a mkwati, kaya wavala suti yonunkhira sitolo, nthuli imodzi. Wobwerera pamzere atavula jekete kuti asadziwike, ankamugwira ndi nsapato.

Eni akewo ankadya chiimire kuseri kwa tenti, anthu atabalalika, ndipo nthawi zambiri chinali chopserera cha pansi pa poto. Ndi mapoto omwewo analera ana anayi amuna awo atamwalira. Wachisamba anaphunzira mpaka kupeza ntchito pa kampani ina ya mafoni, kumene anam'patsa ofesi yakeyake, galimoto, ndi mimba imene inayamba kumatsogola polowa pakhomo. Anthu ankamutcha bambo a mapasa.

Mawondo a Anachipande atayamba kudandaula, bambo a mapasa anafika ndi nkhani.

"Amayi, mwatopa inu. Tikupita nanu kuchilumba, mukapume sabata yathunthu kugombe."

"Kuli ukwati?"

"Ayi, amayi. Kukangopuma basi."

"Nanga kopanda ukwati ine ndikatani?"

Anapitabe, poti mpongozi wawo, make mapasa, anali atawagulira kale chipewa chotambalala ngati chivindikiro cha poto wamkulu. Anakwera ndege, kenako boti. M'chikwama ananyamula fulasiki ya tiyi, mabanzi ndi mazira owiritsa khumi, chifukwa munthu sungadziwe ngati kumene ukupita amaphika.

Pa hotela, mtsikana wolandira alendo anawamanga kalamba kobiriwira kapulasitiki pamkono, konga kamene amamanga makanda kuchipatala kuti asasinthane.

"Mukangoonetsa aka, mayi, mudya ndi kumwa chilichonse."

"Kangati?"

"Mmene mungafunire."

"Nanga ogawa ndani?"

"Mumadzitengera nokha."

Anachipande anamuyang'ana mtsikanayo ndi chisoni, kenako ananong'oneza mpongozi wawo: "Hotela iyi siitha chaka."

Chipinda chodyera chinali chopanda khoma mbali yoyang'ana kunyanja. Matebulo aatali anandandalika kuchokera pakhomo mpaka kumapeto, ndipo pamwamba pake panali mapoto onyezimira, aliyense ndi kamoto kake pansi. Nkhuku yowotcha, nsomba, nyama ya ng'ombe, mpunga wa mitundu itatu, zinanazi zosemedwa ngati maluwa. Anachipande anayenda mzere wonsewo, kufunafuna munthu woimirira ndi chipande. Analibe. Nyama inangokhala yokha, ngati ya masiye.

Kutsogolo kwawo kunali bambo wina wofiira ndi dzuwa, malaya osamanga mabatani, mimba ili pamtunda. Anaika miyendo ya nkhuku isanu ndi umodzi pambale, pamwamba pake nsomba, pambali keke. Anakakhala pansi, naluma mwendo umodzi, nalawa keke, n'kudzuka kupita kukasambira. Woperekera zakudya anabwera, natenga mbaleyo ikadali phiri, n'kulowa nayo kuseri. Anachipande anamva phokoso la mbale ikukhuthulidwa m'bini, ndipo phokosolo linawalowa mpaka m'mafupa. Tsiku limenelo anadya mazira awo kuchipinda.

A m'banja mwawo nawo sanawatonthoze mtima. Bambo a mapasa ankadya kasanu pa tsiku, akupuma movutikira, uku akunena kuti zonse zinalipiridwa kale ndiye kusiya n'kuluza. Make mapasa anali pa ndondomeko yochepetsa thupi. Ankadzaza mbale ndi zonona, n'kuijambula kuchokera kumwamba, kuchokera m'mbali, kuchokera pansi, mpaka chakudya kuzizira, kenako n'kuikankhira kwa mwamuna wake, iye n'kumatafuna masamba osaphika ngati mbuzi. Atawabweretsera apongozi ake nkhanu yaikulu pamodzi ndi zitsulo zoswera, Anachipande anakankha mbale.

"Ndiwo yofuna sipanala ine ayi. Ndipo chinacho cha miyendo isanu ndi itatu, chikanagwera m'poto mwanga ndikanataya ndi msuzi womwe."

Tsiku lachitatu anawagoneka pa mpando wautali pamchenga, pansi pa ambulera. Kugona masana, osadwala, kunawasowetsa mtendere. Dzuwa linali loswa mtengo. Woperekera zakumwa anadutsa ndi thireyi ya makokonati odulidwa pamwamba, lililonse lili ndi kapaipi komwera ndi kaambulera kapepala. Anachipande anaonetsa kalamba kawo koyamba. Zinali zozizira, zotsekemera, zonunkhira chinanazi.

"Koma madzi a zipatso akunoko!" anatero, naitanitsa lina.

Tsono mayiwa chibadwire anali asanalawepo mowa. Kumpingo anali msungichuma wa gulu la amayi, ndipo amuna oledzera m'maukwati ankawagawira khosi la nkhuku ngati chilango. Atamaliza kokonati lachitatu, anaona kuti mawondo aleka kuwawa. Anaimirira popanda kugwira chilichonse. Belu la nkhomaliro litalira, anamanga thaulo loyera la hotela m'chiuno, nalunjika kuchipinda chodyera akuyenda ngati mtsikana.

Bambo wofiira uja anali kale pa poto wa nkhuku, chopanira nyama chili m'manja, mwendo wachinayi uli m'malere. Anachipande anamulanda chopaniracho, nabweza miyendo itatu m'poto, n'kuimika chala chimodzi pamaso pake.

"Imodzi."

Bamboyo chilankhulo chawo sankachimva, koma chala anachimva. Anayang'ana thaulo, nayang'ana nkhope, n'kuchoka mwaulemu ndi mwendo wake umodzi. Amene anali pambuyo pake anatambasula mbale. Posakhalitsa anthu amene masiku onsewo ankalimbirana ngati nkhuku pa madeya anapanga mzere wowongoka mpaka pakhomo. Ankaganiza kuti ndi mkulu wa ophika watulukira. Ena ankawerama pothokoza, ena kuwajambula. Mayi wina anauza mnzake kuti nkhuku yalero ikukoma kuposa masiku onse, chonsecho inali yomweyo. Bambo wofiira anabwereranso atavala chipewa ndi magalasi akuda. Anachipande anangoloza masilipasi ake, iye n'kutembenuka yekha.

Bambo a mapasa anafika pamzere thukuta lili kamukamu.

"Amayi, chonde, mukutichititsa manyazi. Anthu akutiona."

"Bweretsa mbale. Iweyo ndiye phiko, taona mimbayo."

Kenako kunabwera manijala, bambo woonda womanga tayi pa kutentha konseko, akusisita manja.

"Pepani mayi, inu ndinu mlendo wathu. Alendo kuno ali ndi ufulu wotenga mmene afunira."

"Ufulu wotaya? Mwana wanga, nkhuku iyi inafa kuti idyedwe. Pita ukasuzumire m'bini mwako, ukabwere undiuze za ufulu."

Manijala anayang'ana kumzere kuti mwina wina adandaula, koma onse ankangomuyang'ana iyeyo ngati munthu wofuna kulowerera pamzere. Amene anathetsa nkhaniyi anali mkulu wa ophika weniweni, bambo wa imvi, amene anatuluka kukhitchini kudzaona chifukwa chake lero sanamuitanitse nkhuku zina. Anasuzumira m'poto, naona kuti mwatsala theka anthu onse atadya, ndipo anaseka mpaka kugwira tebulo. Atayandikira Anachipande kuti awagwire chanza, ananunkhiza mpweya wawo.

"Achemwali, mwamwa makokonati angati?"

"Atatu. Bwanji?"

Anawanong'oneza zimene amathiramo. Chopanira chinagwa pansi.

Anachipande anagona masana onse nsalu yonyowa ili pamphumi. Atadzuka anaitana mpongozi wawo, natseka chitseko.

"Make mapasa, zimene zachitika pachilumba pano zithere pompano. Kumpingo asamve."

Make mapasa anayang'ana foni yake, nayang'ana pansi.

"Amayi, ndinakujambulani kanema, ndipo ndatumiza kale. Koma ndatumizira anthu ochepa."

"Ndani?"

"Gulu la amayi."

Kuyambira tsiku lotsatira, manijala analamula kuti mayiwa azikhazikidwa pa tebulo la kumapeto, atafulatira mapoto, nkhope kunyanja, kuti asaone zochitika kumbuyo. Mkulu wa ophika ndiye ankawabweretsera mbale yekha: mpunga wa pamwamba pa poto, utsi uli tolotolo, ndi ntchafu ya nkhuku yosapserera. Anachipande anakhala kaye osadya. Manja awo sankadziwa chochita pa tebulo loyalidwa nsalu. Panalibe woitana kuti msuzi watha, panalibe mlamu wa mkwati wofuna za m'jumbo. Anadya pang'onopang'ono, akuyang'ana mafunde, mpaka mbale inayera.

"Zili bwanji, achemwali?" anafunsa wophikayo.

"Mchere wachepa."

Koma wophikayo atachoka, Anachipande anakhala akuyang'ana fupa la ntchafu ija nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa chawo chotambalala, nachibisa pansi pa tebulo, nazungulira njira ya kuseri kwa maluwa, n'kukatenga ntchafu yachiwiri. Ankacheukacheuka ngati akuba m'sitolo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawayang'ana, ndipo zimenezo zinawakhumudwitsa pang'ono.

Atabwerera kwawo anapeza kanema uja wafika kale ngakhale kwa anthu opanda mafoni. Lamulungu anakhala benchi ya kumbuyo, akudikira kuitanidwa ndi akulu a mpingo. Sanaitanidwe. Koma Lachiwiri m'mawa, akukwecha mapoto pabwalo, anaona amayi a m'busa akulowa pageti, akutsimphina, nkhope ili yoopsa. Anachipande anapukuta manja, nawapatsa mpando, naima chogwira manja kumbuyo.

"Kanema uja ndinamuona," anatero amayi a m'busa. "Ndinamuonera kanayi."

"Amayi, sindinkadziwa ine. Ndinkayesa madzi a zipatso."

"Zimenezo zisiyeni kaye. Ine ndinaona mayendedwe. Inu pochoka kuno munkakwera masitepe a tchalitchi chogwira khoma, ngati ine." Anacheuka kuona ngati pali wina akumva, natsitsa mawu. "Kupatula chinanazicho, anati amathiramo chiyani?"

Anachipande anaganiza kanthawi, kenako anakoka mpando wina n'kukhala pafupi.

"Ndikuuzani, amayi. Koma muzimwa kokonati limodzi basi. Atatu amakugwiritsa ntchito ya eni."